Nyenyezi za Amake Pensulo

"Nyenyezi zake ndi zimenezi?" Adalaivala anatembenuza foni n'kuyiloza kumaso kwa akazi awo. "Mwezi wathunthu ndili pamsewu, ndikubwera ndikupeza tinyenyezi toti nditha kuwerenga ndi dzanja limodzi?"

"Tachotsani chifoni chanucho, mukunditchingira kuwala," anatero atelala, phazi lili pamakina. "Nsapato simunavule n'komwe, mwayamba kale milandu?"

"Si milandu, amake Pensulo. Tinagwirizana. Kapena sitinagwirizane?"

Anagwirizanadi. Sukulu yapafupi inali itadzaza mpaka ana ena ankamvera mphunzitsi ali panja pazenera, ndipo Pensulo, mwana wawo woyamba, mtsikana woonda ndi wamtali monga mwa dzina limene anzake anamupatsalo, ankabwerako ndi makope oyera. Ndiye adalaivala, amene amatola nkhani zambiri m'malo oimikira malole, anabwera ndi nzeru. Pa intaneti pali sukulu yaulere. Mphunzitsi amaphunzitsa pa vidiyo, kenako pamabwera mafunso, mwana akakhoza amamupatsa nyenyezi. Anagula tabuleti yakale yong'aluka pakona n'kuyilumikiza ndi foni yawo, kuti kulikonse kumene ali aziona nyenyezi za mwana wawo. Chofunika chinali bandulo basi, ndi munthu wamkulu woti azikhala ndi mwanayo pafupi. Munthu wamkuluyo anali atelala.

"Ndimakhala naye pafupi tsiku lonse," anatero atelala. "Si uyo?"

Pensulo anali pakona, khanda kumsana, nsimbi m'manja, akusita siketi ya kasitomala.

"Ndiye sukulu imeneyo?"

"Wapumira. Ngakhale kusukulu kwenikweni kumakhala buleki."

"Buleki ya mwezi?"

"Bambo a Pensulo, tayang'anani pachingwepo." Pachingwe chodutsa pakati pa chipinda panali nsalu zapepo zodulidwa kale, madiresi a atsikana operekeza mkwatibwi, lililonse litamatidwa kapepala ka miyeso ya mwini wake. "Ukwati umenewu ukandidutsa, mudzadya nyenyezi zanuzo? Khandali silifuna kutsika kumsana. Manja ndili nawo awiri. Mukufuna ndimere lachitatu pamphumi?"

Adalaivala anakhala pa mpando wa makasitomala n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato, pang'onopang'ono, monga amachitira akakhala ndi mawu olemera.

"Achemwali analankhula nane. Akuti mtsikanayu apite kwawo. Sukulu ili kuseri kwa nyumba yawo."

Makina anaima.

"Alamu atero?"

"Ulendo ukubwerawu ndikadzapeza zomwezi, ndidzamunyamula ndekha palole."

"Mwana wanga si matumba a simenti."

"Ndiye aphunzire."

Pakona paja panamveka kafungo ka nsalu yopserera. Pensulo ananyamula nsimbi msangamsanga.

Tisawanamizire atelala, adalaivala atanyamuka anayesa ndithu. M'mawa anapukuta tebulo, anaika tabuleti pafupi ndi zenera pamene netiweki imagwira, n'kumukhazika Pensulo pampando. Mphunzitsi wa pa vidiyo asanamalize n'komwe moni, khanda linalira. "Pensulo, tangomunyamula kaye." Atangomugoneka, kasitomala anagogoda. "Pensulo, tangogwira tepi apa kaye." Kenako makala a nsimbi, kenako ulusi wapepo unatha ndipo panafunika wothamangira kugolosale. Dzuwa limalowa tabuleti ili chigonere, yazizira ngati mbale ya dzulo.

Madzulo pafoni panabwera uthenga wa adalaivala. Mawu analibe. Chinali chizindikiro cha funso chokha, chachikulu.

Mawa lake atelala anatsamiritsa tabuleti ku chitini cha ulusi, pamakina pomwepo.

"Ndingokuyambira funso limodzi, iwe uzimaliza mabataniwo."

Funso loyamba anangolotera. Panabwera mtanda wofiira. Lachiwiri, mtanda wina.

"Iwe kachinthu iwe, ukundinyoza?"

Anabweza vidiyo m'mbuyo. Mayi wina wa mawu ofatsa ankadula buledi pabolodi, uku akufotokoza za theka ndi kota. Atelala anamvetsera, sizasi ili m'malere.

"Aa, zomwezi? Theka la mita ndi kota ya mita? Bwanji osangonena?"

Anadina. Nyenyezi yachikasu inadumpha pagalasi n'kulira kuti *ting!* Pansi pake panalembedwa kuti wachita bwino. Atelala anayang'ana kukhomo ngati pali wina amene waona. Chisiyireni sukulu ali kalasi yachisanu, panalibe amene anawauzapo kuti akhoza kanthu. Kasitomala amatsegula pakamwa zipi ikakhota basi, diresi likamukhala amangolipinda n'kumapita.

"Limodzi lina," anatero.

Tisataye nthawi, munthu akalawa zotere sabwerera. Sabata isanathe atelala anali atagula timawaya ta m'makutu n'kutibisa pansi pa duku. Phazi linkapalasa, dzanja lamanzere linkakankha nsalu, chala cha kumanja chinkaba mpata n'kudina. Makasitomala ankafotokoza za mikono ndi makolala, iwo akugwedeza mutu, koma ankagwedezera mphunzitsi. Tsiku lina akuyeza mtsikana wonenepa wa gulu la ukwati lija anayamba kung'ung'udza okha.

"Chiuno ichi tikachigawa panayi, n'kuchotsapo gawo limodzi…"

"Mayi, chiuno changa musachigawe, ndabwera nacho chathunthu."

Pensulo ndiye anasanduka telala wachiwiri. Mabatani anali ake, mipendero yake, nsimbi yake, khanda lake. Sankadandaula. Akamva *ting!* pansi pa duku la amayi ake ankangokweza maso pang'ono n'kubwerera ku singano.

Adalaivala anayamba kuimba foni tsiku ndi tsiku, injini ikulira kumbuyo.

"Amake Pensulo, mwanayu wayaka moto! Mwamudyetsa chiyani?"

"Zomwe timadya tonse."

"Ndinanena ine, mutu umenewu ndi wa kwathu. Tandipatsireni. Pensulo! Mwana wa bambo ake! Ukupitiriza?"

"Inde, ababa."

"Usafooke. Anzanga onse kuno ndawaonetsa."

"Chabwino, ababa."

Ankabweza foni osawayang'ana amayi ake kumaso, ndipo amayi ake ankailandira akuyang'ana ulusi.

Tsono sukulu ya patabuletiyi ili ndi khalidwe lake. Ukamakhoza, imakukweza yokha, osakufunsa. Inaona kuti Pensulo ameneyu sakulakwa, ndiye inamuchotsa pa buledi uja n'kumupititsa kwa mphunzitsi wina wa ndevu, amene ankabisa manambala kuseri kwa zilembo n'kumauza anthu kuti awafufuze. Atelala anakondwa nazo kwambiri. Ankati zili ngati kupeza muyeso wa munthu amene watumiza diresi lakale m'malo mobwera yekha.

Tsiku lina masana anapita kukayesa diresi kunyumba kwa mkwatibwi. Pobwera anapeza khanda lili m'tulo, Pensulo ali pazenera ndi tabuleti, ndipo pagalasi pali mitanda yofiira yondondozana ngati mpanda.

"Mayo ine! Wachita chiyani?" Anamulanda. "Mzere wanga wonse uja, wopanda cholakwa n'chimodzi chomwe, wandiwonongera!"

"Ndimafuna ndibwerere pomwe ndinalekezera, amayi. Koma pakukana. Akungondifunsa za zilembo."

"Ndiye ukapanda kudziwa umangodinadina?"

"Ndimayesa mwina ndikhoza limodzi. Kapena mutu wanga ndi wouma."

"Mutu wako uli bwinobwino. Koma usamagwiregwire zinthu za eni."

"Za eni?"

Atelala anawamva mawu awo omwe akubwerera, ndipo sanawakonde. Koma panthawi yomweyo pakhomo panamveka odi, munthu wa thalauza lofuna kufupikitsa, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Mitanda ija anaikonza madzulo omwewo.

Adalaivala anabwera osanena, ndipo sanabwere okha. Pa mpando wakutsogolo wa lole panatsika mlongo wawo wamkulu, azakhali ake a Pensulo, mayi wa lesitilanti, atatsogoza mimba yaikulu.

"Alamu, musadabwe," anatero azakhali akupuma mwaphuma. "Achimwene anuwa andikoka ngati mbuzi. Akuti ndidzaone ndi maso anga."

"Mwachita bwino, alamu, fikani," anatero atelala. Anatchinga tabuleti ndi chidutswa cha nsalu, koma adalaivala anali ataiona kale.

Tiyi anabwera ndi buledi. Adalaivala sanadikire n'komwe kuti shuga asungunuke.

"Achemwali, munkati mwana wanga akuwola m'nyumba muno. Lero mumeza mawu anu ndi tiyi yemweyo. Pensulo, bwera. Khala apa. Uwaonetse azakhali ako."

"Mwanayu watopa," anatero atelala. "Komanso netiweki lero ikuvuta."

"Ili yodzaza, taonani."

"Batire…"

"Ndabwera ndi chotchajira cha m'lole. Pensulo, yamba."

Pensulo anakhala pansi, khanda likadali kumsana. Funso linabwera. Nambala ina yabisala. Ukaichulukitsa katatu n'kuwonjezera folo, ikukwana twente faifi. Ndi nambala yanji? Pakona ya galasi kawotchi kanayamba kudya nthawi.

Mtsikanayo anayang'ana funso. Funso linamuyang'ana.

"Akuganiza," anatero adalaivala. "Anthu anzeru sathamanga."

Atelala anazembera kumbuyo kwa azakhali n'kuimika zala, dzanja lonse ndi ziwiri. Pensulo sanakweze maso. Atelala anatsokomola. Pensulo sanatembenuke. Kawotchi kaja kanasanduka kofiira. Atelala ankadziwa bwino chimene chimachitika kakatha: mtanda, ndipo mzere umene anauvutikira uja uduka kachiwiri. Anayesa kuluma mlomo. Anayesa kuyang'ana kudenga.

"Chotsa folo kaye, iwe! Yotsalayo ugawe patatu!"

Ndipo chala chawo chinali chitadutsa kale pa phewa la azakhali.

*Ting!*

Kenako azakhali anayamba kuseka, mimba ikugwedera, mpaka anaika kapu pansi kuti tiyi asatayike.

"Achimwene! Mwana wanu wanzeru uja ndi uyu wa dukuyu!"

"Amake Pensulo," anatero adalaivala ndi mawu otsika. "Nyenyezi zonsezi?"

"Zina ndi zake."

"Zingati?"

"Zija munazipeza zija."

Adalaivala anaimirira, anakhala, anaimiriranso. "Ine ndazungulira malo onse oimikira malole ndikuonetsa anthu. Wina mpaka anandigulira chakumwa, akuti ndabala dokotala. Kani ndimanyadira mkazi wanga wa ana awiri? Mwandipusitsa ngati mwana!"

"Inu munkafuna nyenyezi, ndakupatsani nyenyezi."

"Ndinkafuna mwana aphunzire!"

"Munamufunsapo funso ndi limodzi lomwe? Mafoni onse aja, munanenapo kuti mwana wanga, lero waphunzira chiyani, tandiuza? Munkangowerenga ngati mukuwerenga matayala."

"Musanditembenuzire mlandu. Amene wakhala pampando wa mwana ndi ndani?"

Atelala anatola tepi n'kuyamba kuikulunga, ngakhale inali yokulunga kale.

"Basi, basi, zatha," anatero azakhali akupukuta misozi ya kuseka. "Musamenyane pa zinthu zoonekeratu. Pensulo, kalongedze. Kwathu sukulu ndi yeniyeni, ya belu ndi yunifolomu. M'mawa uzingonditsukirako kaye timbale ta kulesitilanti, si zambiri. Ndipo uyu akabwera," anasisita mimba, "mtsikana wodziwa kubereka khanda chonchi ndi dalitso. Taonani mmene lagonera kumsanako. Sukulu sithawa, azipita akapeza mpata."

Atelala anasiya kukulunga tepi. Anayang'ana alamu awo, anayang'ana mwana wawo. Nsalu yoberekera inali itamulemba mzere paphewa, ndipo chala chake cha mkombaphala chinali ndi timabowo ta singano. Mawu amene ankatuluka m'kamwa mwa alamu anali awo omwe, kungoti avala diresi lina.

Azakhali anali atatenga tabuleti n'kumaiyendetsa ndi chala chonona batala.

"Komanso alamu, inu ndiye mwadzivutitsa chabe. Apa palembedwa kuti onjezani wophunzira wina. Ndi zaulere zomwezo. Bwanji osangotsegula dzina lanu, n'kumakhoza mayeso anu mwamtendere?"

"Pali zotero?"

"Si apa? Ngakhale achimwenewa atha kulowa, aphunzire kuwerenga china osati nyenyezi."

"Ine ndinkadziwa," anatero Pensulo.

Onse anatembenuka. Anali mawu ake oyamba chifikireni alendo.

"Unkadziwa? Nanga bwanji sunandiuze?"

"Mukanatsegula yanu, yanga ikanakhala yopanda kanthu." Anakonza khanda kumsana. "Ndiye ababa akanandinyamula palole."

Adalaivala anayang'ana nsapato zawo. Azakhali anatola kapu n'kupeza kuti tiyi wazizira, koma anamwabe.

Atelala si munthu wolira pagulu, ndipo sanayambe tsiku limenelo. Anamasula nsalu paphewa la Pensulo, ananyamula khanda n'kuliika pamiyendo ya bambo ake.

"Gwirani. Ndi lanunso."

"Likalira?"

"Muliimbire hutala. Pensulo, tandionetsa. Pobwerera pomwe unalekezera ndi pati?"

"Palibe, amayi. Pali poyambiranso basi. Koma nyenyezi zonse zimafufutika."

"Zonse?"

"Zonse."

"Sangazisamutsire ku dzina langa?"

"Ayi."

"Ngakhale theka?"

"Alamu!" anatero azakhali.

"Ndikungofunsa."

Pagalasi panabwera funso lakuti kodi mwatsimikiza. Nyenyezi zinali mbwee, mizere ndi mizere, iliyonse atelala akuikumbukira: izi za tsiku la mvula lija, izi za pamene mphunzitsi wa ndevu anawazunguza mutu mpaka anasoka mkono motembenuza. Chala chinaima m'malere nthawi yotalikirapo kuposa mmene mayi woganiza bwino amayenera kuimikira chala. Pensulo ankayang'ana chalacho.

"Dikirani ndijambule," anatero adalaivala, akulimbana ndi khanda kuti atulutse foni.

"Mujambule za ndani?" anatero atelala.

Anadina. Galasi linayera.

"Alamu, mwayenda ulendo wautali, mugone konkuno, mawa achimwene anu akuperekezani. Koma mupita nokha. Timbale tanuto mupeze munthu wamkulu, muzimulipira."

"Ine ndimangofuna kuthandiza."

"Tonse timangofuna kuthandiza. Taonani mmene tamuthandizira."

Kenako anapita pachingwe n'kuyamba kutsitsa madiresi apepo, ena kusiya, ena kuponya paphewa.

"Amenewo mukupita nawo kuti?" anafunsa adalaivala.

"Kutsidya kwa msewu."

"Kwa telala uja mumati zipi zake zimayenda ngati njoka?"

"Yemweyo. Agawaneko nane. Atsikanawo akavina mokhota, palibe adzaone." Anaima pakhomo. "Ndipo inu, kuyambira lero mukaimba foni muzimufunsa mwana zimene waphunzira, akufotokozereni mpaka mumve. Mukayamba za nyenyezi ndidzadula."

"Nanga khandali, ine ndikapita?"

"Msana ndili nawo. Ndinangouiwala."

M'mawa mwake lole itanyamuka, tebulo la pazenera linapukutidwa. Pensulo anakhala ndi tabuleti, kope ndi cholembera, msana uli wopepuka mpaka ankakhala ngati akusowa pouika. Atelala anali pamakina, khanda kumsana likukoka duku. Dzina lawo anali atalitsegula, lopanda nyenyezi ndi imodzi yomwe, ndipo anagwirizana kuti nthawi yawo ndi yamadzulo, mwana akamaliza.

Funso loyamba linali la kugawa, losavuta, loti atelala analiona ali patali n'kulimaliza asanaphethire. Pensulo analemba m'kope, anafufuta, analembanso. Kenako chala chake chinanyamuka, chikulunjika bwinobwino pa yankho lolakwika.

Pakamwa pa atelala panatseguka pokha. Anatambasula dzanja, anatapa mapini m'kachitini n'kuwaluma onse pakati pa milomo.

Mtanda wofiira unabwera. Pensulo anatembenuka kuyang'ana amayi ake. Amayi ake anangokweza mapewa n'kuloza pakamwa podzaza mapini.

Mtsikanayo anabweza vidiyo poyambira, ndipo makina anayamba kulira.